Kusintha Mabushi a Masipuling'i a Galimoto Pakhomo

Galimoto ikayamba kugogoda kunsi pa msewu wa mabampu, kapena kudzandira uku ndi uku pamene woyendetsa wagwira bwino chiwongolero, ambiri amayesa kuti chathyoka chitsulo chachikulu. Koma kawirikawiri chatha ndi kanthu kochepa kotchedwa bushi. Tiyeni tsono, abale, tione ntchito yake ndi kasinthidwe kake.

Bushi ndilo timapaipi tiwiri tachitsulo, kena m'kati mwa kanzake, ndipo pakati pake pali mphira yomatirira kolimba ku mbali zonse ziwiri. Kapaipi kakunja kamakhala kothina m'diso la sipuling'i, ndiye kuti kumapeto kwake kopindidwa ngati mphete. M'kapaipi kam'kati mumapita bawuti. Land Rover yakale, imene inayamba kupangidwa mu 1948, ili ndi mabushi 12: awiri pa sipuling'i iliyonse, ndi anayi m'chasisi. Toyota Hilux nayonso ili ndi masipuling'i osanjikiza otere kumbuyo kwake.

Mumvetse ichi, pakuti phunziro lonse lagona pano: bushi la mtundu uwu silizungulira pa bawuti ayi. Kapaipi kam'kati kamapanidwa osasuntha, ndipo galimoto ikamakwera ndi kutsika, mphira ndiyo imapotoka ndi kubwerera, monga mufinyira nsalu yonyowa. Dzuwa, fumbi ndi oilo wodontha zimaiumitsa kapena kuifewetsa, mpaka ing'aluka. Mukalowetsa chitsulo chachitali pafupi ndi diso ndi kukankha, diso likagwedera, bushilo latha.

Dzulo lake thirani mafuta osungunula dzimbiri pa mabawuti. Imikani galimoto pamalo olimba ndi osalala, ndi kutsekera magudumu ndi miyala. Mukaikweza ndi jeke, ikani zochirikiza zachitsulo kapena zipika zolimba pansi pa chasisi. Njerwa zimaphwanyika mosachenjeza, ndipo jeke payekha amatsika kapena kupendeka. Munthu wogona pansi pa galimoto yolemera kuposa tani imodzi alibe nthawi yothawira. Kenaka sunthani jeke, anyamule pang'ono ekiselo, kufikira bawuti ya sipuling'i itamasuka kulemera. Pamenepo idzatuluka popanda kuimenya kwambiri.

Potulutsa bushi lakale, pezani chitsulo chachitali chamazinga, manati awiri, mawashala okhuthala ndi zidutswa ziwiri za paipi. Chidutswa chimodzi chikhale chocheperako pang'ono kuposa diso, kuti chikankhe kapaipi kakunja. China chikhale chokulirapo, kuti bushi lilowemo potuluka. Mukamanga nati pang'onopang'ono, bushi limasendera. Koma ngati dzimbiri lagwira, monga zichitikira pa galimoto zowoloka mitsinje, boolani mphira mozungulira, chotsani kapaipi kam'kati, lowetsani mpeni wa sowo yodulira zitsulo m'dzenjemo, ndi kucheka kapaipi kakunja m'litali mwake. Mulekeze musanakhudze diso lenilenilo, pakuti kamzere kochepa pa sipuling'i ndi pamene idzayambira kuthyoka. Ena amaotcha mphirayo ndi moto. Ine sindiyamikira njira imeneyi: utsi wake ndi woipa m'chifuwa, kutentha kumafooketsa sipuling'i, ndipo thanki ya mafuta sikhala patali.

Palani dzimbiri m'diso, pakani girizi pang'ono pa chitsulo chakunja cha bushi latsopano, osati pa mphira, ndi kulikokera m'malo mwake ndi chida chomwe chija. Liyambe kulowa molunjika. Likapendeka, bwezani muyambenso. Bawuti yodyeka musaibwezere. Ndipo mukasintha kumanzere musinthenso kumanja, ngakhale ndalama zikuwawa, chifukwa mabushi awiriwo ayenda ulendo umodzi.

Tsono tafika pamene ambiri amaonongera ntchito yabwino. Galimoto ili m'mwamba, magudumu ali lende, iwo amamanga mabawuti mpaka kumapeto. Akaitsitsa, kulemera kwa galimoto kumapotola mphira ija, ndipo imakhala yopotoka usana ndi usiku, ngakhale galimoto itangoima pansi pa mtengo. Bampu lililonse limaonjezera kupotoka pa kupotoka, kotero kuti bushi loyenera kukhala zaka limang'ambika m'miyezi yowerengeka, mwini wake n'kumadandaula kuti anamugulitsa zachinyengo. Chitani chotere: mangani manati ndi dzanja lokha, tsitsani galimoto iime pa magudumu ake, igwedezeni kangapo kapena kuiyendetsa pang'ono pabwalo, ndipo pokhapo mangani kolimba monga linenera buku la galimotoyo.

Masiku ano kulinso mabushi a polyurethane, obwera m'zigawo ziwiri zolowa ndi dzanja. Awa amazungulira pa kapaipi kawo, ndiye amafuna girizi wawowawo amene amagulitsidwa nawo pamodzi. Akauma amalira ngati chitseko chakale. Ngati mabushi amene mwasinthawo ndi a mikono yogwira magudumu akutsogolo, pitani nayo galimoto kwa amakaniko akayeze kaimidwe ka magudumu, matayala asanayambe kudyeka mbali imodzi.