Phunziro la Mwezi Uno: Kufesa Duwa la Purple Loosestrife

Ambiri mwa ife kuno ku Britain timapeza ganyu m'minda ya maluwa, m'manazale ndi m'mapaki. Bwana akakupatsani kapaketi ka njere kuti mufese, zikamera bwino adzakuitananinso. Zikalephera, mwina ganyuyo yathera pomwepo. N'chifukwa chake mwezi uno tiphunzira za purple loosestrife, duwa limene eni minda amakonda kubzala m'mbali mwa maiwe awo. Pa paketi mupezanso dzina lakuti Lythrum salicaria.

Kulizindikira

Ichi ndi chomera cha m'dambo, chachilengedwe kuno ku Ulaya. Chimatalika mita imodzi mpaka mita ndi theka. Mukagwira thunthu lake mumamva kuti lili ndi ngodya, silobulungira ayi. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti chimatulutsa maluwa a mtundu wa pepo, atandondozana kunsonga ngati ngala ya mchewere, ndipo njuchi ndi agulugufe sizichokapo. Nyengo yozizira ikafika chimauma pamwamba, koma mizu imakhala ili moyo. Chonde musachizule poganiza kuti chafa. Dulani zouma zokhazo, chidzaphukanso chokha.

Kafesedwe kake

Amene tinakulira kwa alimi a fodya tili ndi mwayi, chifukwa njerezi n'zazing'ono ngati za fodya ndipo zimafuna dzanja lomwelo.

1. Fesani pakati pa Malichi ndi Meyi. Dzazani thireyi ndi kompositi yofesera, itsindireni pang'ono, ndipo ithirireni musanafese.

2. Sakanizani njere ndi kamchenga kouma kuti zisaunjikane malo amodzi, kenaka muwaze pamwamba.

3. Musakwirire. Njerezi zimafuna kuwala kuti zimere. Kungozitsindira ndi chikhatho n'kokwanira. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa tinazolowera chimanga ndi nyemba zimene timakwirira.

4. Ikani thireyiyo m'beseni losaya la madzi kuti chinyontho chizikwera kuchokera pansi. Mukathirira pamwamba ndi keni, njere zimakokoloka. Dothi lisaume ngakhale tsiku limodzi.

5. Sungani pamalo owala, ofunda madigiri 15 mpaka 20. Pakatha masabata awiri kapena anayi mbande zimayamba kuoneka.

6. Mbande zikakula moti n'kugwirika, ikani iliyonse m'kapoto kake. Gwirani tsamba, osati thunthu.

7. Chisanu chowononga mbewu chikatha, wokerani pamalo adzuwa, achinyontho, motalikirana masentimita 45. Dothi lamakande silivuta, bola lisamaume.

Muuziretu bwana kuti maluwa ochuluka adzabwera chaka chachiwiri, kuti asaganize kuti ntchito yalakwika. Ngati akufuna mtundu wa dzina, monga 'Blush' kapena 'Feuerkerze', njere sizingathandize, chifukwa ana ake satengera kholo. Pamenepo mugawe tsinde lakale ndi fosholo kumayambiriro kwa chaka.

Kutola njere

Duwali lili ndi mitundu itatu ya kapangidwe, nkhani imene Charles Darwin anaifotokoza m'buku lake la 1877. Njere zimachuluka njuchi zikatenga mungu pa mtundu wina n'kupita nawo pa wina. Choncho tsinde limodzi lokha silibereka bwino, koma pamene pali ambiri, tsinde lalikulu limatha kutulutsa njere zoposa 2 miliyoni pa chaka. Ngati mukufuna njere, dulani ngala zikauma mu Sepitembala n'kuzikutumulira mu envulopu. Ngati simukuzifuna, dulani ngala maluwa akangofota, apo ayi munda wonse udzadzaza.

Tikumbutsanenso za lamulo la 1981 loteteza zachilengedwe kuno: kuzula chomera chakutchire popanda chilolezo cha mwini malo ndi mlandu. Mukachiona m'mbali mwa mtsinje, chisiyeni. Njere n'zotchipa m'sitolo.

Kumene n'choletsedwa

Kalatayi imafikanso kwa abale athu a m'mayiko ena, ndiye mvetserani bwino. Chimene chili chokongoletsa kuno, kwina ndi mliri. Chomerachi chinafika ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 ndipo chinalanda madambo, n'kupha zomera za komweko zimene mbalame zimadalira. Mu 1992 anachita kubweretsa tizilombo ta ku Ulaya todya masamba ake kuti tichichepetse. Madera ambiri, monga Minnesota, amaletsa kuchigulitsa ndi kuchibzala.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito za m'munda, chinapezeka mumtsinje wa Liesbeek ku Cape Town, ndipo malamulo a 2014 anachiika m'gulu la 1a, la zomera zoyenera kuthetsedweratu. Bwana wa kumeneko akakuuzani kuti muchifese, mufotokozereni mwaulemu kuti: "Bwana, chomera ichi boma linaletsa." Mlendo ndi amene amavutika msanga nkhani ikafika kwa akuluakulu, ndiye dzitetezeni.

Ndipo tonsefe tisatumize njerezi kumudzi, kaya pa positi kaya m'chikwama. Madambo athu ndiwo madimba athu, ndiwo msipu wa ng'ombe zathu m'chilimwe. Njere za kuno zithere kuno.

Amene ali ndi funso, kapena mbande zake zikuvuta, abwere nazo pa msonkhano wathu tidzaonere limodzi.