Mabisiketi a Koko ndi Ndimu pa Mbaula

Ambirife ku Mtsiliza tilibe uvuni, koma mbaula ndi poto wamkulu wothira mchenga pansi zimatikwanira. Timakanda makapu 2 a fulawa, theka la kapu ya shuga, theka la majarini, dzira, masupuni 3 a koko, soda pang'ono ndi madzi a ndimu. Khungu la ndimuyo timapala pamwamba pokha. Choyera cham'kati chija chimawawa, chingatiwonongere fulawa yense, chikhalirecho fulawa sakugulika masiku ano.

Makala ambiri akhale pachivindikiro, pansi ochepa. Vuto la koko n'loti mabisiketi amakhala akuda kale, maso sangatiuze kuti apsa. Pakatha mphindi 10 tivundukule, tikhudze m'mphepete. Ngati mwalimba tiphule, ngakhale pakati pakadali pofewa, amauma akamazizira.