Mkonono Umene Umakweza BP

Amayi anzanga, phunziro la mwezi uno likukhudza chinthu chimene ambiri timangochiseka: kuliza mkonono. Si mkonono wonse umene uli matenda, koma ulipo wina wofunika kuutchera khutu. Munthu amaliza mkonono mwamphamvu, kenaka zii, osapuma, ndiye n'kudzidzimuka ngati watsamwa. Madokotala amati sleep apnoea. Minofu ya kukhosi imalefuka m'tulo n'kutseka njira ya mpweya kwa masekondi 10 kapena kupitirira. Matendawa akakula, zimenezi zimachitika ka 30 kapena kuposa pa ola limodzi, mwiniwake osadziwa kanthu.

Tsono BP ikulowa pati? Mpweya ukatsekeka, okosijeni amachepa m'magazi. Thupi limadzidzimuka monga limachitira tikaona njoka panjira: mtima umagunda mofulumira, mitsempha ya magazi imafinyika, BP n'kukwera. Munthu wabwinobwino akagona, BP yake imatsika ndi magawo 10 mpaka 20 pa 100 alionse, mtima n'kupumulako. Mwa ambiri odwala matendawa siitsika ayi.

Mitsempha nayo imavulala. M'kati mwa mtsempha uliwonse muli kakhungu kopyapyala kotulutsa mankhwala achilengedwe otchedwa nitric oxide, amene amafewetsa mtsemphawo kuti uzifutukuka magazi akamadutsa. Kutsika ndi kukwera kwa okosijeni usiku ndi usiku kumaononga kakhungu kameneka. Mtsempha umayamba kuuma ngati payipi ya pulasitiki yokhalitsa padzuwa, ndipo BP imakhala yokwera ndi masana omwe. Apa m'pamene pamayambira sitiroko ndi matenda a mtima. Kafukufuku wa ku Wisconsin, ku America, wa m'chaka cha 2000, adapeza kuti kwa anthu amene mpweya unkatsekeka ka 15 kapena kuposa pa ola, chiopsezo chodwala BP patatha zaka zinayi chinali chachikulu pafupifupi katatu.

Tisaganize kuti ndi vuto la abambo okha. Mayi akasiya kusamba, makamaka ngati ali wonenepa, chiopsezo chimakula. Zizindikiro zake ndi kudzuka mutu ukuwawa, kukodza pafupipafupi usiku, kusinza masana, ndiponso BP yosamva mankhwala ngakhale munthu akumwa mitundu itatu.

Ife anamwino timayeza BP munthu ali maso. Za usiku amazidziwa ndi amene amagona naye chipinda chimodzi. Choncho mukaperekeza bambo kapena mayi anu kuchipatala, fotokozani za mkononowo, musachite manyazi.

Makina otchedwa CPAP, amene Colin Sullivan wa ku Sydney adawayambitsa mu 1981, amauzira mpweya m'mphuno kuti kukhosi kusatsekeke, koma ndi odula ndipo amafuna magetsi. Zimene tingathe pakhomo ndi kuchepetsa thupi, kugona cham'mbali osati chagada, ndi kupewa mowa ndi mapiritsi ogonetsa monga Valium, chifukwa amalefula kukhosi kwambiri. Mankhwala a BP musawasiye pokhapokha adokotala atanena.