Phunziro 7: Kusunga ubale wa anthu mu graph database

Aphunzitsi anzanga, phunziroli likuthandizani kufotokoza graph database kwa ophunzira achikulire, komanso kupeza cholakwika ikapereka yankho losakwanira.

Tiyerekeze gulu lothandizana pa maliro la Amalawi okhala ku Yeoville, mumzinda wa Johannesburg. Membala akamwalira, pamafunika kudziwa msanga: mwinimbumba wake ndani, ali mudzi uti ku Mangochi, nanga angamuuze ndani? Kaundula wa mayina okha sakwanira. Graph database, monga Neo4j, imasunga zinthu ziwiri: mfundo, zomwe ndi anthu kapena midzi, ndi mizere yozilumikiza, monga "ndi mlongo wa" kapena "amakhala ku".

Vuto lofala ndi kulemba munthu mmodzi kawiri. Mlembi wina walemba "Che Saidi", wina "Saidi". Kompyuta imaona anthu awiri, mzere n'kuduka, uthenga wa maliro osafika kumudzi.

M'chiyankhulo cha Neo4j chotchedwa Cypher, lamulo la CREATE limapanga mfundo yatsopano nthawi zonse, pamene la MERGE limayamba layang'ana ngati mfundoyo ilipo kale. Komatu kalembedwe ka dzina kakasiyana, MERGE nalonso limapusitsika. Choncho patsani membala aliyense nambala yakeyake, ndipo MERGE lizifufuza nambalayo, osati dzina.

Ntchito
1. Musanayatse kompyuta, ophunzira ajambule pabolodi achibale awo asanu, awalumikize ndi mizere.
2. Lembani mmodzi mwa iwo kawiri. Ndani tsopano sangalandire uthenga?
3. Tumizani mayankho kwa mlangizi wanu.