Honda Vezel Kapena Toyota C-HR: Malangizo kwa Wofuna Kuitanitsa Galimoto ku Japan

Mukaima pamphambano iliyonse ku Lilongwe kapena ku Blantyre, simudikira nthawi yaitali musanaone Vezel kapena C-HR ikudutsa. Zonse ndi galimoto zazing'ono zooneka zokwera, ndipo zambiri zimafika kuno zitagwirako kale ntchito ku Japan. Pano tikunena za Vezel yoyamba, imene idatuluka mu Disembala 2013, ndi C-HR yoyamba, imene idayamba kugulitsidwa ku Japan mu Disembala 2016. Chimene chimandidetsa nkhawa n'choti ambiri amasankha poyang'ana zithunzi pafoni, pomwe zinthu zimene zidzawadyere ndalama zili kunsi kwa galimoto ndi m'kati mwa giya.

1. Yambani ndi msewu wa kwanu. Musanaganize za mtundu wa penti, kumbukirani njira yochoka pakhomo panu kukafika pa tala, komanso njira ya kumudzi nthawi ya dzinja. Mpata wa pakati pa mimba ya galimoto ndi nthaka ndi mamilimita 185 pa Vezel yokoka ndi mawilo akutsogolo, ndi 170 pa yokoka ndi mawilo onse anayi. C-HR ya hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi) ili ndi 140 okha, ndipo ya turbo yokoka ndi mawilo anayi ili ndi 155. Kusiyana kwa 185 ndi 140 ndi ngati zala ziwiri kapena zitatu mutazigundanitsa, koma zala zimenezi ndizo zimasiyanitsa galimoto yodutsa bwino pa hampu ndi galimoto yokhula mimba. Dziwaninso kuti miyeso imeneyi ndi ya galimoto yopanda katundu. Mukakwera anthu asanu ndi thumba la chimanga kumbuyo, galimoto imatsikanso. Ngati kwanu kuli mikwasa yozama ndi miyala, C-HR ya hybrid idzakusowetsani mtendere ngakhale ikuoneka ngati yolimba mtima.

2. Maonekedwe musatayirepo nthawi yambiri. C-HR ili ndi makona akuthwa, denga lopendekera kumbuyo ndi nyali zakumbuyo zotumphuka, ndipo imakopadi maso. Vezel ndi yosalala, yodekha. Zonse ziwiri zidabisa zogwirira za zitseko zakumbuyo m'mwamba pafupi ndi galasi. Pa C-HR chogwiriracho chili pamwamba kwambiri, moti mwana wa sitandade 1 amavutika kuchifikira.

3. Khalani kaye pampando wakumbuyo. Wogula amathamangira ku chiwongolero n'kuiwala kuti amayi ake, apongozi ndi ana adzakhala kumbuyo. Mu C-HR mawindo akumbuyo ndi aang'ono ndipo ali m'mwamba, kotero m'katimo mumachita kamdima, ndipo mwana wamfupi saona bwino kunja. Paulendo wautali, monga wochoka ku Blantyre kupita ku Karonga, zimenezi zimatopetsa. Kunja C-HR ndi yotalikirapo, mamilimita 4,360 pomwe Vezel ndi 4,295, koma malo otambasulira miyendo kumbuyo ndi ambiri mu Vezel. Kutsogolo nkhani ndi ina: mpando wa dalaivala wa C-HR umagwira thupi bwino, ndipo mabatani adawapendeketsera kwa woyendetsa.

4. Ganizirani za katundu amene mumanyamula. Buti ya C-HR imalowa malita 318, ya Vezel pafupifupi 390. Chinsinsi cha Honda n'choti thanki ya mafuta adaiika pansi pa mipando yakutsogolo, motero kunsi kwa mipando yakumbuyo kuli mpata. Mukaipinda mipandoyo imagona pansi n'kusiya malo athyathyathya. Mukhozanso kudzutsa pokhalira pake kuti paimirire, n'kuikapo chinthu chachitali, monga ndowa yaikulu kapena mbande za mitengo zili chiimire. Kwa mphunzitsi wosamuka sukulu, mlimi wokagula feteleza, kapena mayi wa geni yoperekera makeke, apa Vezel yapambana poyera.

5. Dziwani kuti mukusankha pakati pa injini zinayi zofala, osati galimoto ziwiri. Mphamvu ya injini ku Japan amaiyeza mu PS. Vezel ya petulo yekha ili ndi injini ya malita 1.5 yotulutsa 131 PS. Vezel ya hybrid ili ndi injini ya malita 1.5 yothandizana ndi mota ya magetsi, ndipo pamodzi zimafika 152 PS. C-HR ya hybrid idatenga makina a Toyota Prius, injini ya malita 1.8 ndi mota, zonse pamodzi 122 PS. Yachinayi ndi C-HR ya malita 1.2 ya turbo, ya 116 PS. Pamndandanda wa wogulitsa yang'anani zilembo za chesisi: RU1 ndi RU2 ndi Vezel za petulo, RU3 ndi RU4 ndi za hybrid, ZYX10 ndi C-HR ya hybrid, pomwe NGX10 ndi NGX50 ndi za turbo. RU2, RU4 ndi NGX50 ndizo zokoka ndi mawilo onse anayi.

6. Samalani kwambiri ndi giya ya Vezel ya hybrid. Apa ndi pamene ndimapempha aliyense kuti adekhe. Galimoto imeneyi ili ndi giya zisanu ndi ziwiri zosintha zokha pogwiritsa ntchito makilatchi awiri. Ikakhala bwino imathamanga mosangalatsa. Koma mu 2014 kampani ya Honda idaitanitsa galimoto zambiri za mtunduwu ku Japan kuti ikakonze pulogalamu ya kompyuta yoyendetsa giyayo. Makilatchi ake sakonda kuyenda pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, kuima ndi kunyamuka kosalekeza, makamaka pachitunda. Taganizirani mndandanda wa galimoto madzulo pa msewu wa Chipembere, kapena kukwera phiri la Chiweta kumbuyo kwa lole yodzaza malasha. M'malo otere makilatchi amatentha. Ngati mwaikonda hybrid ya Honda, sankhani ya zaka zam'tsogolo, funsani umboni woti idakonzedwa, ndipo muyambe mwapeza makaniko amene ali ndi kompyuta yoyezera ndiponso adaigwirapo kale giya yotere. Mukaima pachitunda, pondani buleki, musaigwirizize galimoto ndi chopondera mafuta.

Hybrid ya Toyota idapangidwa mwanjira ina. Ilibe makilatchi osinthira giya. Injini ndi mota zimalumikizana kudzera m'magiya ozungulirana okhaokha, njira imene Toyota yakhala ikugwiritsa ntchito kuyambira pa Prius ya mu 1997. Pa zinayi zonsezi, imeneyi ndiyo ndimaikhulupirira kwambiri pa nkhani ya giya. Vezel ya petulo ndi C-HR ya turbo zili ndi giya ya CVT, imene imakhalitsa ngati mukusintha oyilo wake pa nthawi yake. Ya Honda imafuna oyilo wa HCF-2. Musalole kuti wina athiremo oyilo wa giya wamba chifukwa choti ndi wotsika mtengo.

7. Manambala a mafuta muwatenge ngati chofanizira chabe. Pa mayeso a ku Japan otchedwa JC08, C-HR ya hybrid idayenda makilomita 30.2 pa lita, Vezel ya hybrid 27.0, Vezel ya petulo 20.6, ndipo C-HR ya turbo yokoka ndi mawilo anayi 15.4. Pamsewu weniweni, ndi katundu, fumbi ndi zitunda, simudzafikapo pamenepo, koma mndandandawo sudzasintha: hybrid ya Toyota idzamwa pang'ono, turbo idzamwa kwambiri. Hybrid imapindulitsa m'tauni, mmene injini imazima mukaima. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, amene amapita ku filing'i sitesheni kamodzi pomwe anzake apita kawiri amadziwa phindu lake.

8. Fumbi ndi mdani wa batire ya hybrid. Mu C-HR batire yaikulu ili pansi pa mpando wakumbuyo ndipo imaziziritsidwa ndi mpweya wochokera m'kati mwa galimoto. Polowera mpweyawo pakatsekeka ndi fumbi, kapena ndi chitenje chimene wina waponyapo, batire imatentha n'kufooka msanga. Uzani makaniko azipukuta malowo nthawi iliyonse ya sevisi.

9. Pa kuyendetsa, C-HR ndiyo yokoma pa tala. Mawilo ake akumbuyo amayenda lililonse palokha, motero pamakona a msewu wa Golomoti imagwira pansi osagwedezeka. Vezel yokoka ndi mawilo akutsogolo ili ndi chitsulo chimodzi cholumikiza mawilo akumbuyo, ndipo zoyambirira zimagunda molimba zikalowa m'dzenje. Komabe mu Vezel mumaona bwino mbali zonse. Mu C-HR kumbuyo kumabisika, choncho musagule yopanda kamera yobwerera m'mbuyo.

10. Yang'anani matayala. Zina mwa galimotozi zimabwera ndi marimu a mainchesi 18 okhala ndi matayala opyapyala, okongola koma osachedwa kutupa m'mbali akagunda dzenje. Marimu a 16 pa Vezel kapena a 17 pa C-HR ndiwo oyenera misewu yathu. Zambiri zimafikanso zopanda tayala lapadera, zili ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu. Kabotolo sikamata tayala long'ambika m'mbali, ndiye gulani tayala, jeke ndi sipanala musanayambe ulendo wochoka padoko la Dar es Salaam kudzera ku Songwe. Chinanso choti mudziwe, wailesi zina za m'galimoto za ku Japan zimalekezera pa 90 MHz, ndipo kuti mumve nyumba zoulutsira mawu zopitirira pamenepo pamafunika kachipangizo kowonjezera.

11. Werengetsani msonkho musanatumize ndalama. Msonkho wa ku MRA umatengera mtengo, zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Ya Vezel ndi 1,496cc, ya C-HR ya hybrid ndi 1,797cc, ya turbo ndi 1,196cc. Pemphani wothandiza kuombola katundu akuwerengereni zonse zitatu papepala.

12. Ngati mukugula imene ili kale m'dziko muno, iyeseni m'mawa injini isanatenthe. Onani ngati nyali zonse zochenjeza zikuyaka mukaliza galimoto, kenako n'kuzima. Pitani nayo pachitunda, imani, nyamukani pang'onopang'ono katatu kapena kanayi, ndipo mvetserani ngati ikunjenjemera kapena kuchedwa kugwira. Kwezani anthu atatu kumbuyo mudutse nawo pa hampu imene mumadutsapo tsiku ndi tsiku. Pomaliza ikwezeni pagalaja, inu ndi makaniko wanu muyang'ane kunsi ngati kuli dzimbiri, oyilo wodontha kapena zipsera za kukhula.