Kuphunzitsa Liwu la Chingerezi Lakuti "Puncture"

Aliyense wa ife amene anaphunzitsapo m'sukulu za ku Kasiya akudziŵa kuti njinga ndiyo galimoto la anthu a kumeneko. Mlimi wa fodya amayendera njinga, wodwala amapita kuchipatala pa njinga, ndipo aphunzitsi ambiri amafika kusukulu pa njinga. Tsono palibe mwana amene sanaonepo tayala litaphwa. Chimene mwanayo akusoŵa ndi liwu lokha la Chingerezi, ndipo ntchito yathu ndiyo kulumikiza liwulo ndi chinthu chimene iye akuchidziŵa kale.

Liwu lakuti "puncture" linachokera ku Chilatini, ku mneni "pungere", kutanthauza kubaya. Tanthauzo lake ndi kabowo kakang'ono kopangidwa ndi chinthu chosongoka monga munga kapena msomali. Linayamba kumveka kaŵirikaŵiri pa nkhani za njinga pambuyo pa chaka cha 1888, pamene John Boyd Dunlop anapanga tayala lopopa mpweya ku Belfast.

Choyamba, ana adziŵe kuti liwuli limagwira ntchito ziŵiri. M'chiganizo chakuti "My bicycle has a puncture" ndi dzina, koma m'chiganizo chakuti "A thorn punctured the tyre" ndi mneni. Chachiŵiri, tiwathandize kusiyanitsa mawu atatu amene amawasokoneza. "Puncture" ndi kubooka, "burst" ndi kuphulika ndi phokoso, pamene "flat" ndi kuphwa. Tayala likhoza kuphwa popanda kubooka, monga pamene valuvu ikutulutsa mpweya. Chachitatu ndi katchulidwe. M'Chicheŵa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, choncho ana amaonjezera malembo pakati ndi kulitalikitsa liwulo. Tiwazoloŵeretse kulitchula m'zigawo ziŵiri zokha.

Nanga phunziroli tingaliyendetse bwanji? Tisayambe ndi kulemba tanthauzo pa bolodi. Tibwere ndi chubu chakale, pampu, munga ndi beseni la madzi. Mwana mmodzi apope chubucho, wina achibaye, ndipo wachitatu achimize m'madzi. Mpweya ukayamba kutuluka pa bowolo, tilozepo ndi kunena kuti, "This is a puncture." Ana abwereze, kenaka aŵiriaŵiri achite seŵero la mwini njinga ndi womata machubu pa msika wa Kasiya. Pomaliza, aliyense alembe ziganizo ziŵiri, china cha dzina, china cha mneni.

Kwa ana a Sitandade 7 ndi 8 tingaonjezere kuti liwuli silithera pa njinga. Achipatala amatcha bala la msomali kapena munga "puncture wound". Bala lotere limaoneka laling'ono koma limaloŵa mkati, ndipo lingabweretse kafumbata. Popeza ana ambiri amathandiza makolo kumunda opanda nsapato, tiwalangize kuti akabayidwa atsuke balalo ndi sopo ndi kupita kuchipatala. Tiwaonetsenso kuti "punctuation" ndi "punctual" ndi mawu a mtundu umodzi ndi liwu lathuli, pakuti onse anachokera ku kadontho kobayidwa ndi nsonga.

Aphunzitsi anzathu, mukapita kukadziyesa kuphunzitsa, musaiŵale kutenga chubu chakale. Womata njinga pa msika sangakumaneni chimene anachitaya kale, ndipo ana adzalikumbukira liwulo tsiku la mayeso chifukwa anaona bowolo ndi maso awo.