Za Kudyetsa Munthu Wocepetsedwa Cifu

Ife a kunyanja tiri ndi mwambo wokoma wa kukakamiza mlendo ndi wodwala kuti adye. Mai akaona mtanda wa nsima ulikubwerera m'mbale mtima umuwawa, nafunsa, "Kodi ndiwo zanga zaipa?" Koma mwezi uno tiphunzire za munthu amene mwambo womwewo ukhoza kumpweteka, ndiye iye amene madotolo anamcepetsa cifu.

Alipo anthu ena onenepa kopitirira muyeso, kufikira nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa mwazi ziwagwira, maondonso alephera kuwanyamula. Zikakanika njira zina, madotolo awacita opaleshoni kuti azikhuta msanga. M'caka ca 1966 dotolo Edward Mason wa ku Iowa, m'dziko la America, anayamba kusoka kathumba pamwamba pa cifu, nakalumikiza ku matumbo. Njira ina, imene yacuruka masiku ano, ndiyo kudula cifu m'litali ndi kucotsa pafupi magawo anai mwa asanu. Nchito zimenezi zicitika m'zipatala zazikuru, monga za ku Johannesburg ndi za ku India, ndipo mbale wathu wokhala ku maiko amenewo akhoza kubwera nayo mimba yotere kuno ku Chipoka. Mau awa athandizanso iye amene anamdula cifu cifukwa ca zironda kapena khansa.

Tsono taonani muyeso wace. Cifu ca munthu wamkuru cilandira lita imodzi kapena kuposa. Koma kathumba kaja poyamba kalandira masupuni akuru awiri kapena atatu okha. Bwato likacepa, msodzi asankha bwino cimene alongamo. Cotero pa mbale ya munthu uyu ciyambe ndi cakudya comanga thupi, ndico nsomba, dzira, mkaka ndi nyemba. Nsima idze pambuyo, ngati malo atsala. Tidziwa kuti mau awa ali olimba kwa ife amene timati wosadya nsima wagona ndi njala. Koma madotolo afuna kuti alandire magalamu 60 kufikira 80 a mapuloteni tsiku ndi tsiku, kuti bala lipole ndi minofu ingafote; ndipo dzira limodzi liri ndi magalamu 6 okha, kapu ya mkaka 8, nsomba yophika yolemera magalamu 100 iri nawo ngati 20. Akadzaza kathumba ndi nsima, zimenezi zidzalowa pati?

Masabata awiri oyamba amwa zamadzi zokha, monga msuzi wosefa ndi mkaka. Pambuyo pace adya zopota zosalala, kenaka zofewa, ndipo pakutha masabata 6 kapena 8 ayamba kulawa za anthu onse. Masiku ace enieni awanena dotolo amene anamng'amba, si ife.

Nyanja yatipatsa zambiri. Cambo kapena kampango muphike m'madzi, osakazinga m'mafuta. Mucotse minga yonse ndi zala, musinje mnofu ndi msuzi wace. Usipa wouma muuwambe pang'ono, muusinje mu mtondo, muusefe, ndi kuthira supuni imodzi m'kaphala. Pakuti ufa umenewo uli ndi mafupa ace omwe, olimbitsa mafupa a munthu. Cipere ca nyemba zocotsa makoko ciri bwino. Nsinjiro muike pang'ono, popeza ziri ndi mafuta. Mpunga, buledi ndi kondowole zidikire, cifukwa zimatana ndi kutseka pakhomo pa kathumba. Ndipo akayamba nsima, aleke cizolowezi cathu ca kumeza mbamu yosatafuna.

Tifike tsopano pa zakudya zosasa, zimene makolo athu anazidziwa asanamve dzina la tizirombo. Mu mkaka ndi m'phala losiyidwa usiku mukhala tizirombo tabwino tosaoneka ndi maso, timene tidya shuga ndi kumsandutsa cowawasa. Élie Metchnikoff, wophunzira wa ku Paris, analemba m'caka ca 1907 kuti mkaka wosasa uthandiza matumbo, ataona alimi a ku Bulgaria amene anaumwa masiku onse. Sitinena kuti zakudyazi ndizo mankhwala, iai. Koma cina mwa izo ciyenera mimba yaing'ono koposa.

Cimeneco ndi cambiko. Ciri cofewa, cimanga thupi, ndipo popeza tizirombo tadyako shuga wa mkaka, ambiri amene mkaka wamba uwatsegula m'mimba acilandira bwino. Koma muyambe mwawiritsa mkakawo, pakuti wosawiritsa unyamula cifuwa cacikuru ca ng'ombe ndi nthenda zina. Ukazizira, muthiremo supuni ya cambiko cabwino ca dzulo, kapena ya yogati wa m'sitolo wopanda shuga; muvundikire m'ciwiya cotsuka bwino kufikira wagwirana. Kuno kutentha, sacedwa. Cikanunkha kapena kumera nkhungu, mutaye.

Thobwa lifuna nzeru yoposa, ndipo pano nchembere zimvetse. Cimera ca mawere cisungunula phala lolimba cifukwa cisandutsa ufa kukhala shuga. Ndiko kutsekemera kwa thobwa la tsiku loyamba, lingakhale lopanda shuga wa m'sitolo. Kwa mwana wowonda kumeneko ndi cithandizo. Koma mwa munthu wocepetsedwa cifu, makamaka wa kathumba, zotsekemera zithamangira m'matumbo nthawi imodzi: mtima ugunda, thukuta lituruka, acita cizungulire, natsegula m'mimba. Thobwa likagonanso masiku liyamba kucita thovu ndi kusanduka mowa. Mpweya wace utupitsa kathumba, ndipo mowa ulowa m'mwazi wa munthu wotere msanga kopambana kale. Cotero pa masabata oyamba alileke ndithu. Dotolo akalola, alawe masupuni owerengeka a thobwa longoyamba kusasa, losathira shuga, lopanda thovu, likamvuta, asaliumirire. Mahewu a m'botolo ndi zakumwa za mpweya ziri ndi mlandu womwewo.

Adye kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, m'kambale ka mwana, ndi kasupuni, mosafulumira, mphindi 20 kapena 30. Akamva kuthina pacifuwa aleke pomwepo. Asamwe madzi pakudya. Apume mphindi 30 asanadye ndi atadya, koma pakati pace azimwa pang'ono pang'ono kufikira lita ndi theka pa tsiku, makamaka m'dzuwa la Okutobala. Mapiritsi a mavitamini, a ayironi ndi a kashiamu, ndi vitamini B12, amwe moyo wace wonse monga anamuuza, pakuti cambiko ndi usipa sizilowa m'malo mwace.

Pa miyezi yoyamba adzaonda msanga, tsitsi lina lidzathothoka, ndipo anthu pacitsime ndi padoko adzayamba kunong'ona kuti wagwidwa ndi nthenda yobisika. A pabanja amayesedwa pamenepo kumdyetsa mokakamiza kuti manyazi acoke. Musatero, kuondako ndiko kumene anapitira ku cipatala. Coopsa ndi ici: akasanza kosaleka, akalephera kumeza ngakhale madzi, akatentha thupi, m'mimba mukapweteka kolimba, kapena cimbudzi cikada bii ngati phula, musayese thobwa kapena mizu. Mumtengere ku cipatala ca boma ku Salima tsiku lomwelo, pamodzi ndi makalata a opaleshoni yace.